Kuphika Osalawa

Asilamu ndi ochepa ku Masambanjati. Kuno kummwera kwa boma la Thyolo ndi kwawo kwa Alhomwe ndi Amang'anja, kumene Loweruka m'mawa msewu umadzaza ndi a Seventh-day Adventist, Lamulungu n'kudzaza ndi a Katolika ndi a CCAP. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu onse m'Malawi, koma unyinji wawo uli m'maboma monga Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota. Mabanja achisilamu amene ali kuno, ena obwera kalekale kudzafuna ntchito m'maesiteti a tiyi, ena ochita malonda pamsika, amakhala pakati pa anansi a mipingo ina. N'chifukwa chake mwezi wa Ramadhani ukakwana, womanga, kutanthauza wosala kudya ndi kumwa, sabisika. Anzake akamasamba m'manja masana kuti adye, iye amakakhala pamthunzi, osamwa ngakhale dontho.

Zaka zino mweziwu ukugundana ndi nyengo ya Lenti. Mu 2025 Asilamu adayamba kumanga kumayambiriro kwa Malichi, Lachitatu la Phulusa n'kugwa pa 5 mwezi womwewo. Choncho Mkhristu amene wasiya nyama Lachisanu, kapena wozolowera kukasala kuphiri, akaona mnzake akumanga tsiku ndi tsiku mwezi wathunthu, mtima umamuuza kuti naye ayeseko. Ena amafuna kuperekeza bwenzi, ena adakwatira kapena kukwatiwa kubanja lachisilamu, ena angomva kuti kusala kumaphwetsa mimba. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi mumapirira bwanji? Funsoli lagogoda pakhomo polakwika. Kupirira kulipo ndithu, koma kupirira kokha sikufikitsa munthu wogwira ntchito ya manja pa tsiku la 30 ali chiimire. Chimene chimamufikitsa ndi luso la mayi amene amaphika kawiri, dzuwa likapendeka ndiponso tambala woyamba akalira, ndipo chakudya chamadzulocho amachiphika osalawa.

Tiyambe tayeza kukula kwa ntchito yake. Womanga amasiya kudya ndi kumwa kuyambira m'bandakucha, kunja kusanayere, mpaka dzuwa litalowa. Ku Thyolo mu Malichi ndiye kuti kuchokera cha m'ma 4:30 m'mawa kufika cha m'ma 6 koloko madzulo, maola opitirira 13. Asilamu a ku London, mweziwu ukagwa mu Juni, amamanga maola 18 kapena kuposa. Ife usana wathu susintha kwambiri chaka chonse. Chathu chovuta ndi nyengo. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wakumwamba ndipo n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, motero Ramadhani imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, n'kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Pano yafika mu Febuluwale ndi Malichi, miyezi imene tiyi amaphuka mwamphamvu ndi mvula, othyola n'kumalawirira kusanache, kuima tsiku lonse m'mizere, dengu kumsana, kukwera ndi kutsika zitunda. Ndi miyezi yomweyonso imene nkhokwe imakhala itapepuka, chimanga chatsopano chisanaume. Mayiyu ayenera kudyetsa munthu wokhetsa thukuta, kawiri kokha patsiku, m'nyengo ya njala. Tende wochokera ku Arabia ndi nyama ya tsiku ndi tsiku n'za m'tauni. Iye ali ndi zimene nthaka ya kuno ikupereka: chinangwa, mbatata yoyambirira, maungu, nthochi, mapeyala, magwafa, nkhwani, kholowa, ndi nandolo ndi mtedza zotsala chaka chatha.

Mphika wa futali

Ntchito imayamba dzuwa likadali pamwamba, ndi lichero la mtedza. Mayi wodziwa sasinja mtedza wosasankha. Amaupeta, n'kukhala pansi kuchotsa njere imodziimodzi yofota, yosweka, yakuda kapena yachuku. Mtedza wa mu Malichi wagona m'thumba miyezi yonse ya chinyezi, ndipo chuku chimene chimamera pamenepo chimasiya poizoni woononga chiwindi, amene satha ngakhale uwiritse chotani. Mwina iye sadamvepo dzina la poizoniyo, koma lilime lidamuphunzitsa kale kuti njere imodzi yowawa imaononga mphika wonse. Kusinja nakonso kuli ndi muyeso wake. Munsi umagwa mopepuka, mtedza n'kutapidwa kupita pasefa, zotsalira n'kubwerera mumtondo, kangapo konse. Ukasinja mwaukali mafuta amatuluka, mtedza n'kumata, kusanduka chiponde. Nsinjiro zabwino zimakhala zopepuka, zoti ukazifumbata n'kutambasula dzanja zimagumuka zokha.

Kenako chinangwa. Cha futali ndi chosawawa, monga Manyokola. Chowawa chija ndi cha kondowole, chofunika kuviika masiku angapo kuti poizoni wake achoke, ndipo mumphika uwu sichilowa. Amasenda mpaka khungu lamkati litachoka lonse, kung'amba pakati, kusolola mtsitsi, kenako kudula nthuli zofanana. Kufananaku si kukongoletsa chabe: nthuli zikasiyana, zazing'ono zimasungunuka zazikulu zisanapse. Ikakhala mbatata, ena tsopano amasankha yofiira mkati, mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Anaakwanire, imene akatswiri a kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe, m'boma lomwe lino, adathandiza kufalitsa chifukwa cha vitamini A wake. Vitaminiyu thupi limamulandira bwino pakakhala mafuta, ndipo mafutawo ali kale mu nsinjiro. Amayi adali ataphatikiza maungu ndi nsinjiro zaka zambirimbiri asayansi asanafotokoze chifukwa chake.

Kuno kulinso futali wa nthochi zaziwisi. Masambanjati adatchuka ndi nthochi, malole ankapakira mikoko kupita nayo ku Limbe ndi ku Blantyre, mpaka matenda a chisaka atapulula minda yambiri. Alimi akubzalanso mbewu yopanda matenda, ndipo mkoko ukapezeka, mayi amapaka timafuta m'manja ndi pampeni kuti utomoni usamate, n'kumaponya nthochi iliyonse m'madzi akangoisenda kuti isade.

Chakudyachi chili ndi mbiri yaitali. Chisilamu chidalowa m'dziko lino ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere: Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo mafumu achiyao monga Makanjira adachilandira cha m'ma 1870. Kugombe kuja, chinangwa, mbatata ndi maungu omasulira amaziphika m'madzi a kokonati. Kuno kumtunda kokonati kulibe, ndipo ntchito yake idagwera mtedza. Zotsatira zake zidakoma kotero kuti lero futali amadyedwa m'nyumba za anthu a zipembedzo zonse ngati chakudya cham'mawa. Koma pakhomo pa Msilamu m'mwezi wa Ramadhani m'pamene mumaona zimene mbaleyi idapangidwira.

Luso lenileni limaonekera pamoto. Malamulo achipembedzo amalola wophika kulawa ndi nsonga ya lilime n'kulavula ngati pali chifukwa, koma amayi ambiri safuna n'komwe kuyandikira malirewo. Mchere amayeza ndi zala zitatu, molingana ndi mphika umene akuudziwa, ndipo amathira wocheperapo kusiyana ndi masiku onse. Akudziwa kuti wochepa uwonjezeka pambale, pamene wochuluka sungachotsedwe, ndipo mtengo wake ndi ludzu la mawa masana. Kupsa kwa chinangwa amakuona m'mbali mwa nthuli mukayamba kung'aluka. Madzi akatsala pansi pokha, amawaza nsinjiro pamwamba, osatakasa, n'kuvundikira. Nthunzi ndiyo imayamba kuphika nsinjirozo. Ukafulumira ndi mthiko zimathawira pansi n'kupserera chinangwa chisanazilandire. Amasolola nkhuni, kusiya makala okha. Kuchokera apo amaphika ndi khutu ndi mphuno: mphika ukasiya kubwata mwaphokoso n'kuyamba kulira motsitsa, mokhuthala, ndipo fungo la mtedza wauwisi likasanduka fungo lonona, nthawi yakwana. Amatembenuza kawiri kapena katatu kuchokera pansi, mosamala kuti nthuli zisaphwanyike, n'kuphula. Zonsezi akuchita munthu amene pakhosi pake pauma kuyambira m'bandakucha, ataweramira utsi, fungo likumukwera m'mphuno.

Mbale imodzi ya futali imagwira magulu atatu mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo: chokhutitsa, cha m'gulu la nyemba, ndi mafuta. N'njofewa, ili ndi madzi, ndipo silemetsa m'mimba. Pakangowonjezeka ndiwo zamasamba, chipatso ndi dzira kapena kansomba usiku womwewo, magulu onse akwana popanda kupita kugolosale.

Kumasula kuli ndi ndondomeko

Kuitana kwa swala ya Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, kukamveka, kapena wailesi ndi foni zikasonyeza kuti nthawi yakwana kwa amene ali kutali ndi mzikiti, womanga sachedwa. Chiphunzitso cha Mtumiki Muhammad chimalimbikitsa kumasula msanga dzuwa likangolowa, ndi tende kapena madzi, ndi kuchedwetsa chakudya cha m'bandakucha mpaka nthawi itatsala pang'ono. Malangizo awiriwa pamodzi amafupikitsa maola opanda chakudya. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi kusala kumene ena amachita kuphiri, masiku atatu kapena asanu ndi awiri osalawa kanthu. Mtumiki adaletsa omutsatira kulumikiza usana ndi usiku osamasula. Woyesa kumanga asaganize kuti akadumpha chakudya chimodzi ndiye kuti waposa eni ake. Wangophwanya chimene chimachititsa kusalaku kukhala kotheka.

Mayi waluso sabweretsa zonse pamphasa nthawi imodzi. Choyamba ndi kapu ya madzi ndi kanthu kotsekemera: tende ngati alipo, apo ayi nthochi yakupsa, chidutswa cha papaya kapena cha nanazi. Kenako phala lofunda lamadzimadzi, la mgaiwa kapena la mpunga, lotendera. Akatero onse amanyamuka kukaswali. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu za swala zimapatsa thupi mpata: shuga wa chipatso amalowa m'magazi, kunjenjemera kumaleka, ndipo njala yolusa ija imasanduka njala wamba. Pobwera m'pamene futali amafika. Nsima ndi ndiwo zimadikira mpaka usiku, kwa amene akadali ndi malo.

Mlendo woitanidwa kudzamasula nawo amafuna kudumpha zonsezi, maso ali pa chakudya cholemera. Ndiye mumamva mayi akumuuza mofatsa kuti, "Achimwene, yambani mwamwa. Mimba yagona tsiku lonse, musaidzutse ndi chibakera." Wosamva amaphunzira ndi thupi lake. Mitanda ya nsima yotsatizana pamimba yopanda kanthu imabweretsa kutupidwa, chilungulira ndi tulo tolemetsa, ndipo m'bandakucha munthu amalephera kudzuka, kapena akadzuka pakhosi pamakana. Akatero waluza chakudya chofunika koposa, ndipo tsiku lotsatira amaliyamba ali ndi ngongole.

Zokazinga nazo zimakopa. Munthu akamayenda pamsika 5 koloko ali womanga, mandasi, zitumbuwa, samusa ndi chipisi zimamuitana ndi dzina. Mayi saziletsa kotheratu, chifukwa akudziwa kuti ana ndi achinyamata amayembekezera kanthu kosangalatsa. Amaika chimodzi kapena ziwiri pambali pa phala, osati mbale yodzaza. Mafuta ochuluka amachedwa kuchoka m'mimba ndipo amadzutsa chilungulira munthu akagona. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zimakweza shuga mofulumira n'kumugwetsanso mofulumira, ludzu lili pomwepo.

Madzi a mawa amamwedwa usiku uno

Chovuta kwambiri pa kumanga kwa Chisilamu, makamaka kwa amene adazolowera kusala akumwa madzi, ndi ludzu. Woyamba kumene amaganiza kuti akagugudiza malita awiri nthawi imodzi m'bandakucha ndiye kuti wathana nalo. Impso sizigwira ntchito motero: zimatulutsa ambiri mwa madziwo dzuwa lisanakwere. Mayi amagawa madziwo usiku wonse. Kapu pomasula, ina pobwera kuswala, ina pakudya, ina pokagona, ziwiri pa daku, chakudya cha m'bandakucha chija. Onse pamodzi amayandikira malita awiri, ndipo wothyola tiyi kapena wolima amafunika ochulukirapo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mkodzo wam'mawa ukakhala woyererako, thupi lakhuta madzi, ukakhala woderapo ndi wochepa, usiku wapitawo sudakwane.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira kolorini. M'nyengo ya mvula zitsime ndi mitsinje zimalandira zonyansa za kumtunda, ndipo kutsegula m'mimba kwa munthu womanga ndi ngozi yaikulu. Amayi a kuno sadaiwale chaka cha 2023, pamene Ramadhani idayamba sabata ziwiri zisanathe namondwe wa Freddy atasakaza maboma a kummwera kuphatikizapo Thyolo, dziko lili mkati mwa mliri wa kolera umene udapha anthu opitirira 1,700. Ndowa yovundikira ndi kapu yake yotungira ili mbali ya luso lomweli.

Thobwa amathandiza kwambiri, chifukwa amapereka madzi ndi mphamvu nthawi imodzi. Koma pakhomo pa Msilamu amafuna diso lakuthwa. Phala la chimanga losakaniza ndi chimera cha mawere kapena mapira limatsekemera likagona, ndipo likapitirira masiku limayamba kusasa n'kulowera ku mowa. Mayi amafulula pang'ono, pafupipafupi, ndipo amadziwa ndi fungo ndi thovu lapamwamba kuti wa leroyu ndi womaliza kumwa.

Nanga tiyi? Kuno funsoli silingalambalalidwe. Anthu a m'boma lino akhala ndi tiyi kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa yokha idayamba mu 1923. Ambiri m'mawa sayamba opanda kapu yake. Mutu umene umawawa masiku oyambirira a kumanga kawirikawiri umachokera pa zinthu ziwiri: kuchepa kwa madzi ndi kusowa kwa tiyi amene thupi lidazolowera. Woyesa angachite bwino kuyamba kuchepetsa tiyi kapena khofi sabata imodzi tsiku lisanafike. Mayi wodziwa amapereka tiyi wopepuka madzulo, pakatha ola chidyereni. Wakuda bii pa daku amamupewa, chifukwa amakodzetsa, ndipo pogona amamupewa chifukwa amaba tulo timene tili kale tochepa. Palinso chifukwa china: tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa ayironi amene thupi likadatenga mu nandolo, nyemba ndi masamba. Kwa amayi, amene kuchepa magazi kumawavuta kawirikawiri, iyi si nkhani yaing'ono. Gwafa, lalanje kapena tomato wamuwisi pambali pa ndiwo amachita zosiyana: amathandiza ayironiyo kulowa.

Daku

Anthu amatamanda futali chifukwa amadyedwa pagulu, alendo alipo. Daku palibe amamuona, koma ndiye amanyamula tsiku. Kukonzekera kwake kumayamba madzulo. Mayi amapatula ndiwo za m'bandakucha asanathire tsabola ndi mchere womaliza. Amasunga nkhuni zouma m'nyumba, pakuti mu Malichi zapanja zimakhala zonyowa, n'kufotsera makala ndi phulusa kuti moto usavute kukoleza. Cha m'ma 3:30 wadzuka, aliyense akadali mtulo.

Chimene akufuna pa daku ndi chakudya chochedwa kugayika. Munthu akadya, chiwindi chimasunga shuga n'kumamutulutsa pang'onopang'ono masana. Akayamba kuchepa, thupi limatembenukira ku mafuta ake. Chakudya cha gaga, cha m'gulu la nyemba ndi chamafuta achilengedwe chimachedwetsa njala, pamene buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri zimapsa msanga, 9 koloko isanakwane mawondo ayamba kale kulobodoka. N'chifukwa chake ufa wa daku ndi mgaiwa, osati woyera. Likhoza kukhala phala lolimba lotendera, ndi theka la peyala ndi nthochi. Ikhoza kukhala nsima ya mgaiwa ndi nandolo ndi nkhwani wotendera. Akhoza kukhala makaka, chinangwa chouma, ophika ndi nandolo, chakudya cha Alhomwe chimene chimakhalitsa m'mimba. Dzira lowiritsa likapezeka, limapita kwa amene ntchito yake ndi yolemetsa kwambiri tsikulo.

Zimene saika pamphasa nthawi imeneyi n'zofunika chimodzimodzi. Usipa ndi matemba ouma amchere, tsabola wambiri, ndi zokazinga zimadikira madzulo. Masamba amawaphika kanthawi kochepa, opanda soda, pakuti soda amafewetsa msanga koma amapha mavitamini. Masambawa pamodzi ndi mgaiwa ndi zipatso ndiwo amateteza ku kudzimbidwa, vuto limene omanga ambiri amakhala nalo koma salitchula pagulu. Mkute sautaya, koma saupereka wozizira: nsima ndi ndiwo zogona amazitenthetsa mpaka nthunzi itatuluka mkati mwenimweni, makamaka mpunga ndi nyemba zimene zimaonongeka msanga kukafunda.

Ndipo amadziwa kuti munthu wongodzutsidwa kumene safuna kudya. Sakalipa. Amayamba ndi kapu ya madzi ofunda, n'kudikira kamphindi. "Bambo, idyaniko pang'ono pokha, dzuwa la lero silikudziwani," amatero, ndipo pang'onopo pamatha mbale.

Diso la wophika

Mayiyu saphika chabe, amayang'ananso nkhope. Iye ndiye woyamba kuona kuti agogo milomo yauma mopitirira, kuti mtsikana woyamwitsa akufooka, kuti mnyamata wabwera kumunda akudzandira. Chipembedzo chimamupatsa mphamvu yolankhula. Kurani, m'sura yachiwiri, imalola wodwala ndi wapaulendo kusiya kumanga n'kudzabweza masikuwo pambuyo pake, ndipo mashehe amaphunzitsa za chilolezo cha amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi okalamba ofooka. Ana aang'ono sakakamizidwa. Ngati mwini chipembedzo ali ndi khomo lotulukira chotere, kuli bwanji munthu amene akungoyesa, wopanda lamulo lomumanga?

Wodwala shuga, makamaka wobaya jakisoni kapena womwa mapiritsi otsitsa shuga, asayambe asanaonane ndi dokotala, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka. Chimodzimodzi wa kuthamanga kwa magazi amene mankhwala ake ndi okodzetsa, wa impso, ndi wa zilonda za m'mimba. Womwa ma ARV kapena mankhwala a TB asadumphe kapena kusuntha nthawi payekha; akafunse kuchipatala chaching'ono chapafupi, ku Malamulo ku Makwasa, kapena kuchipatala cha boma ku Thyolo, ndipo achipatala ndiwo anene ngati nthawi ingasinthe. Kwa aliyense, chizungulire champhamvu, kusokonekera maganizo, kusanza, kugunda kwa mtima kothamanga kapena kutha tsiku osakodza ndi zizindikiro zoti amasule pomwepo, osadikira dzuwa. Amwe Thanzi ORS, kapena madzi aukhondo okwana lita imodzi osungunuliramo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, ndipo zikapitirira athamangire kuchipatala.

Kwa wofuna kuyesa

Musayambe ndi mwezi. Asilamu ambiri amamanga mwa kufuna kwawo Lolemba ndi Lachinayi chaka chonse, motero n'kosavuta kupeza mnzanu woyenda naye tsiku limodzi. Sankhani tsiku limene ntchito ndi yopepuka, osati lopopera mankhwala m'munda kapena lonyamula katundu padzuwa. Gonani msanga dzulo lake, dzukani mudye daku ngakhale mtima usakufuna, ntchito yolemetsa muigwire m'mawa, masana mufune mthunzi. Mutu ukawawa pang'ono ndipo m'kamwa mukauma, musadabwe: walira mvula walira matope.

Ngati cholinga ndi kuchepetsa thupi, dziwani kuti ofufuza ambiri apeza kuti omanga amatsika pafupifupi kilogalamu imodzi pamwezi wonse, ndipo imabwerera pakapita masabata ochepa Idi itadutsa. Ena amanenepa kumene, chifukwa cha zokazinga ndi shuga wa usiku. Kumanga sikudakhazikitsidwe kuti kukhale mankhwala a mimba. Kwa Msilamu swaumu, kutanthauza kumangaku, ndi pemphero: imayamba ndi kutsimikiza mumtima, imamanga lilime ku miseche ndi mkwiyo, ndipo imatha ndi chopereka cha chakudya kwa osauka swala ya Idi isanachitike. Mbale za futali zimene ana amatumidwa nazo kwa anansi madzulo, osafunsa kuti amapemphera kuti, zimachokera pamenepo, kupatsa n'kuika. Woyesa akubwereka mbali imodzi ya chinthu chachikulu, ndipo wobwereka amagwira chinthu cha eni mwaulemu. Akaitanidwa asapite chimanjamanja: mtedza, phava la nthochi kapena mapeyala n'zolandirika. Za nyama asiyire eni nyumba, amene akudziwa kumene amagula yozingidwa mwa malamulo awo.

Chimene mungatenge n'kukhala nacho miyezi ina 11 si njala ayi. Ndi kusankha mtedza musanasinje, kuchepetsa mchere, kubwerera ku mgaiwa, kumwa madzi musanadye, kusiyanitsa tiyi ndi nthawi ya nsima, ndi kudya motsatana m'malo mounjika. Zimenezi sizimveka bwino pozifotokoza. Zimalowa ukaziona zikuchitika m'manja mwa munthu amene wazichita Ramadhani zambiri. Choncho anansi anu akadzakuitanani kuti mudzamasule nawo 6 koloko, pemphani kuti mufike 3 koloko. Mukapereke moni kwa bambo pakhonde, kenako mupemphe chilolezo chopita kuseri kumene kuli mafuwa, munene kuti, "Mayi, ndipatseni lichero, ndisankheko mtedza."